Utoto wa ana ukamangosanduka matope

Lachinayi lililonse, pa sukulu yathu ya mkombaphala kuno ku Nkhotakota, timayala mikeka pakhonde n'kutulutsa utoto. Ana athu ndi a zaka 3 mpaka 5. Miyezi yoyambirira zinkangothera pamodzimodzi. Ndawapatsa wofiira, wachikasu ndi wabuluu, yonse yowala bwino, koma pofika nthawi ya phala mapepala onse ali bii, ngati madzi a mu Bua mvula ikagwa kumtunda. Ena abooka pakati, ena amatirirana, ndipo kamwana kena kakulira kuti chikasu chake chathawa. Alezi anzanga a kuno ndi a ku Salima amadandaula zomwezi, ndipo ena anasiyiratu n'kubwerera ku zojambula bango pabolodi kuti ana azikopera. Musasiye, anzanga. Vutoli lili ndi magwero ake, ndipo nthawi zambiri gwerolo ndi mmene ife akulu takonzera malo, osati manja a mwana.

Zimene timachita Lachinayi si kujambula nyumba, nsomba kapena munthu. Timasewera ndi mitundu, mizere, timadontho ndi zozungulira, posakaniza utoto, chekeni, makala, mchenga ndi zidule za nsalu pa pepala limodzi. M'mabuku a Chingerezi zojambula zotere amazitcha abstract art. Kwa mwana wa zaka 4 ndi njira yachidule yodziwira kuti mtundu uwu ukakumana ndi uwo pamabadwa chiyani.

Matopewo amachokera kuti

Kuwala kwa dzuwa kumene timakuona ngati koyera kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza mkati mwake. Wasayansi wa ku England Isaac Newton anaonetsa zimenezi cha m'ma 1660 podutsitsa kuwala m'galasi la ngodya zitatu. Utoto uliwonse umameza mbali ina ya kuwalako n'kubweza yotsalayo m'maso mwathu. Wachikasu umameza buluu, wabuluu umameza kufiira, ndiye mukaphatikiza iwiriyi chotsala chobwerera m'maso ndi kubiriwira kwa msipu. Mukathiramonso wofiira, nawo umameza kubiriwirako, ndipo chotsala n'chochepa kwambiri. Chimenecho ndiye matope. Paliponse pamene mitundu itatuyi yakumana, matope abwera, ngakhale wojambulayo atakhala katswiri.

Tsono ntchito yanu ndi kupeza pamene itatuyi ikukumanira. Malo ake aakulu ndi atatu, ndipo mungawadziwe pongoyang'ana ana akamaliza.

Yambani ndi makapu a utoto. Ngati chikasu cha m'kapu chayamba kuoneka ngati ndiwo za therere, ndiye kuti burashi imodzi ikuyenda m'makapu onse. Mwana wa zaka 3 sangakumbukire kutsuka burashi pamene mtima wake uli pa pepala, ndipo kumukalipira n'kungotaya mawu. Mtundu uliwonse ukhale ndi burashi yakeyake yokhaliramo. Ife tilibe maburashi ambiri ogula. Timasasantha nsonga za timitengo ngati mswachi, timamanga nthenga za nkhuku ndi ulusi, ndipo zitsononkho ndi tizidutswa ta siponji ya matiresi akale zimagwiranso ntchito. Pa chogwirira chilichonse ndimamangapo kansalu ka mtundu wa kapu yake, kuti mwana aone yekha kwawo kwa burashiyo.

Chachikulu kuposa zonse n'chakuti patsiku muzitulutsa mitundu iwiri yokha. Poyamba zinkandivuta mumtima, ndinkaona ngati ndikuwamana. Koma mitundu iwiri yosankhidwa bwino, monga iyi ndikutchula apa, singapange matope ngakhale mwana atatakasa mpaka thukuta. Sabata yoyamba chikasu ndi buluu, yachiwiri chikasu ndi wofiira, yachitatu wofiira ndi woyera. Mwana aliyense ndimamupatsa zitsekerero za mabotolo zinayi kapena zisanu zoti azisakaniziramo. Aziyamba ndi wowalawo, kenako woderawo azidonthezamo pang'onopang'ono, chifukwa kadontho kamodzi ka buluu kamagonjetsa supuni yathunthu ya chikasu. Akayamba ndi buluu, chikasu chanu chonse chitha kubiriwira kusanaoneke. Wakuda ndimaubisa mpaka temu yachiwiri, chifukwa ana amaukonda ndipo umakwirira chilichonse.

Makapu akakhala oyera koma zojambula zonse zili zotuwa mofanana, yang'anani madzi. Beseni limodzi la ana khumi limada pa mphindi zochepa, ndipo burashi iliyonse yotsukidwamo imatuluka itanyamula mitundu yonse. Ikani zitini ziwiri pa mkeka uliwonse, china chotsukira koyamba, china chotsukuluzira, ndi kansanza kopukutira pambali. Ana akuluakuluwo amasangalala kupatsidwa udindo wokataya madzi akuda n'kutunga ena.

Malo achitatu ndi pa pepala penipeni, ndipo apa m'pofunika kudekha. Mwana amapaka wofiira, usanaume n'kupakanso wobiriwira pamwamba, n'kumangokhula pamalo amodzi chifukwa kuterera kwa utoto kukumukomera. Sakulakwa. Dzanja lake likuphunzira. Ine ndimayendayenda ndi mapepala ena m'manja, ndipo ndikaona kuti pepala lafika pokongola ndimagwada pambali pake n'kufunsa, "Iwe, ili tiliyanike liume, utenge lina?" Ambiri amavomera. Wokana ndimamusiya, pepala ndi lake.

Apa m'pamene kusakaniza zipangizo kumathandiza koposa. Utoto ndi utoto zimalowana, koma utoto ndi phula sizilowana. M'chekeni muli phula, ndiye mwana ayambe wakhwatchakhwatcha ndi chekeni, akanikize ndithu, kenako apake utoto wamadzimadzi pamwamba. Mizere ya chekeni imakana madzi n'kumaonekabe yowala. Kandulo yoyera imachita zoposa pamenepo: mwana amalemba osaona kanthu, ndiye akangodutsitsa burashi mizere imatulukira, ndipo khonde lonse limadzaza ndi "Aphunzitsi taonani!" Zidule za zitenje zimene timapempha kwa atelala a pamsika nazo sizisungunuka. Mwana atha kumata chofiira pafupi ndi chobiriwira n'kuona mmene ziwirizi zikuwalitsirana, pamene zikanakhala zamadzi zikanaphana. Katswiri wojambula Henri Matisse wa ku France, atadwala n'kuchitidwa opaleshoni mu 1941, zaka zake zomaliza ankajambula ndi sizasi: ankadula mapepala opakidwa kale utoto n'kuwasanja. Njira yomweyo ndi imene imapulumutsa mwana wa zaka 3 ku matope. Timagawanso ntchito m'masiku: Lachinayi utoto, Lachisanu pepala litauma timamatapo nsalu ndi mchenga, Lolemba makala kapena choko pamwamba.

Pepo akakana kubwera

Funso limene alezi amandifunsa kawirikawiri ndi ili: buku likuti wofiira ndi wabuluu zimabala pepo, nanga bwanji kwa ife zikubala mtundu wa chiwindi? Simunalakwitse muyeso. Utoto wofiira wotchipa wa m'mashopu nthawi zambiri umapendekera ku olenji, kutanthauza kuti uli kale ndi kachikasu mkati. Mukauthira buluu, mitundu itatu ija yakumana mobisa. Yesani pinki wowala kwambiri, wonga maluwa a bougainvillea, m'malo mwa wofiira, ndipo pepo abwera woyera bwino. N'chifukwa chake makina osindikizira sagwiritsa wofiira ndi buluu wamba. Mukatsegula printa ya mitundu mupeza magenta, amene ndi pinki wakupsa uja, cyan, amene ndi buluu wowala wonga nyanja m'mawa kopanda mphepo, chikasu ndi wakuda. Chimodzimodzinso kubiriwira: buluu wodera wopendekera ku pepo amabala kubiriwira kofooka, pamene buluu wowala amabala msipu weniweni. Musanawapatse ana utoto watsopano, yesani nokha madzulo pa kapepala.

Palinso vuto la mawu. M'Chichewa chathu "wobiriwira" amatha kunena tsamba, amathanso kunena thambo. Tsiku lina ndinauza ana kuti atenge wobiriwira, theka anatenga wa masamba, theka wa thambo, ndipo onse anali olondola. Chiyambire pamenepo tinagwirizana kuti wa thambo ndi nyanja tiziti buluu, wa masamba tiziti wobiriwira. Mitundu yobadwa m'zitsekerero ana amaitcha okha mayina, ndipo ndimawalemba pansi pa kadontho kake: wa bango losapsa, wa papaya, wa mimba ya chambo, wa dzimbiri la njinga. Mayina amenewa sawaiwala, kusiyana ndi amene ndingawaloweze pamtima.

Utoto wopanga tokha ukasintha nkhope

Ndalama ya utoto wogula siipezeka temu iliyonse, choncho zambiri timapanga tokha. Katondo wouma, wosinja ndi kusefa, amapereka kufiira kokhalitsa. Makala osinja amapereka kuda, choko chotsala m'kalasi chimapereka kuyera, muzu wa chikasu wosinja umapereka chikasu, ndipo chidede chowiritsa chimapereka kufiira kwa vinyo. Dothi ndi makala zikangosungunulidwa m'madzi okha zimayoyoka zikauma, ndiye muzithiramo supuni ya phala lomatira limene ndifotokoze pansipa, mpaka zikhale ngati thobwa. Buluu yekha ndiye wovuta kumupeza m'tchire, ameneyo gulani. Utoto wothira m'makeke ndi wabwino kwa aang'ono amene chilichonse chimapita kukamwa.

Koma utoto wa zomera uli ndi khalidwe lake. Chidede chimakhala chofiira m'kapu, koma pa mapepala ena chikauma chimasanduka pepo wotuwa, chifukwa mapepala ambiri a masiku ano amaikamo choko powapanga, ndipo chidede chimasintha chikakumana ndi zinthu za mtundu wa soda. Finyiranimo ndimu pang'ono, chikhalabe chofiira. Chikasu nacho chikakhudzana ndi sopo, soda kapena chidulo chimafiira nthawi yomweyo, ndipo amayi onse amene anachapapo nsalu yothimbirira ndi kale wa ndiwo akudziwa zimenezi. Ngati chikasu chanu chikufiira chokha, mwina zitini zinatsala ndi sopo. Ine vutoli ndinalisandutsa phunziro: ana amapaka pepala lonse chikasu, likauma amalembapo ndi kamtengo koviika m'madzi a soda wophikira, ndipo mizere yofiira imabadwa popanda utoto wofiira. Kubiriwira kwa nkhwani kapena bonongwe wosinja kumakongola tsiku loyamba, pakapita masiku ochepa kumasanduka khofi. Zonse za zomerazi zimafwifwa padzuwa, choncho yanikani pamthunzi.

Pali zinthu zimene sindilola kufika pamkeka, ndipo pano ndikupemphani ndi mtima wonse. Ufa wakuda wa m'mabatire akale, umene ena amadetsera bolodi, usayandikire ana. Penti wamafuta wotsala popaka nyumba ayi, chifukwa wina amakhala ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa mwana, ndipo kumuchotsa m'manja kumafuna parafini. Laimu amaotcha maso. Nthanga za nsatsi ndi timbewu tofiira ta kadontho kakuda timene ana amatola m'tchire n'zokongola pomata, koma ndi poizoni. Masamba ndi madzi a chinangwa chachiwisi musapangire utoto. Ndipo kwa a zaka 3, chilichonse chotha kulowa m'mphuno, monga nyemba ndi mikanda, chidikire kaye.

Pepala ndi zomatira

Pepala la m'kope silipirira madzi. Likabooka, vuto si mwana. Pemphani makatoni m'magolosale, muwadule kukula ngati chivundikiro cha ndowa. Katoni ndi yofiirira, ndiye imameza kuwala kwa utoto, makamaka chikasu. Dzulo lake ipakeni choko chosakaniza ndi phala lomatira, iume, ndipo mitundu idzaonekera bwino. Kuseri kwa makalendala akale n'kwabwino koposa. Pepala lopyapyala likapindika pouma, lipanikizeni pansi pa mabuku usiku umodzi.

Guluu wathu ndi ufa wa kondowole, umene kuno susowa. Supuni ziwiri zazikulu pa kapu imodzi ya madzi ozizira, takasani mibulu ithe, kenako phikani pa moto wochepa mukutakasabe mpaka phalalo lisiye kuyera n'kuyamba kuonekera mkati. Losapsa silimata, ndipo zomata zikamagwa mawa lake kawirikawiri chifukwa chake n'chimenecho, kapena mwana anaunjika phala lambiri. Lopyapyala ndi limene limagwira. Mchenga wa kunyanja muusefe ndi kuuyanika kaye, chifukwa wonyowa umasungunula phala. Mankhusu a mpunga ochokera kuchigayo amamatika mosavuta. Zigoba za nkhono n'zolemera, zimafuna guluu woyera wa akalipentala.

Phala limeneli ndi chakudya, ndiye nyerere, mphemvu ndi makoswe zimalitsata. Tinatayapo ntchito ya sabata yathunthu titaisiya pansi m'kalasi Loweruka ndi Lamlungu. Tsopano timapachika pa chingwe ndi zopanira zovala. Phikani lokwanira tsiku limodzi, chifukwa m'nyengo yotentha logona limasasa. M'dzinja chinyontho cha kunyanja chimachedwetsa kuuma ndipo chuku chimamera, choncho musasanjikize zojambula zisanaumitsitse. Mwera ukayamba kuwomba cha mu Juni ndi Julayi, mwana aliyense akhale ndi timiyala tinayi topsinjira m'ngodya, apo ayi mapepala onyowa amaulukira pa nkhope za anzawo. Mu Okutobala utoto umauma uli m'zitsekerero, ndiye yambani m'mawa ndipo muzithira pang'onopang'ono. Za mayunifolomu othimbirira, tinapempha kholo lililonse malaya akale a munthu wamkulu, ndipo ana amavala chakumbuyo.

"Chimenechi n'chiyani?"

Vuto lomaliza silili m'kapu. Tsiku lina agogo ena anabwera kudzatenga mdzukulu wawo, kamtsikana ka zaka 4 kamene kanathera m'mawa wonse kakusanja mizere ya olenji ndi tizidule ta buluu. Kanathamanga ndi katoni yake. Agogowo anaitembenuza uku ndi uku n'kundifunsa, "Aphunzitsi, chimenechi n'chiyani? Ife timayesa kuno akuphunzira kujambula zinthu zooneka." Ndinaona nkhope ya mwanayo ikugwa, ndipo sabata yotsatira anakana kugwira burashi, ankangoti, "Ndijambulireni inuyo, ine sinditha."

Agogowo sanafunse mwankhanza, ndipo funso lawo ndi la makolo ambiri. Atabweranso ndinawapatsa mpando n'kuwaloza chitenje chimene anavala. "Agogo, pa chitenje chanuchi pajambulidwa chiyani?" Anachiyang'ana n'kuseka, "Palibetu, ndi maluwamaluwa chabe, koma chinandikongolera." Panalibe ngakhale duwa limodzi, zinali zozungulira ndi mizere yokhotakhota. Ndinawakumbutsanso mmene amayi amakongoletsera khonde pozira, mtsiro wakuda pansi, wofiira kapena woyera m'mphepete, popanda wofunsa kuti mzerewo ukutanthauza nyama yanji. Zotere si zachilendo kwathu kuno. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zojambula pamiyala, amene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zakale kwambiri za kumeneko, zimene amati anajambula Akafula, zambiri ndi zozungulira, timadontho ndi mizere.

Ana akuluakulu ndimawaonetsa pafoni chojambula cha Wassily Kandinsky, wobadwira ku Moscow, cha mu 1913: mabokosi 12, lililonse muli zozungulira zovalana za mitundu yosiyana. Iye anachipanga pofuna kuona mmene mitundu imakhalirana, ndipo anasakaniza utoto wamadzi ndi chekeni monga timachitira ife. Koma chenjerani, mukachisiya pamaso pawo nthawi yaitali onse akopera, ndipo mwabwerera ku bango la pabolodi lija. Ndimaonetsa kamphindi, tikambirane kuti ndi bokosi liti likuoneka lotentha ndi liti lozizira, foni n'kubwerera m'thumba.

Ifenso aphunzitsi tisinthe kafunsidwe. M'malo mwa "wajambula chiyani", nenani zimene maso anu akuona: "Apa buluu wakumana ndi chikasu, chachitika n'chiyani?" kapena "Mzere uwu unayambira pati?" Kungoti "zokongola" kwa aliyense sikuthandiza, ana amadziwa kuti simunayang'ane. Ndipo musagwire dzanja la mwana kapena kukonza pa pepala lake. Mukafuna kuonetsa kanthu, tengani lanu. Kamtsikana kaja kanabwerera pamkeka patapita masabata awiri, nditakapatsa ntchito yong'amba mapepala m'malo mwa burashi. Pa tsiku lotsekera temu timapachika zojambula zonse pa chingwe, pansi pa chilichonse nditalemba mawu a mwini wake mmene anawanenera, ndipo makolo amaima nthawi yaitali powerenga mawuwo.

Mukachita zonsezi padzapezekabe mwana mmodzi kapena awiri amene adzapita ku mkeka wa anzawo kukabwereka mtundu wachitatu, chifukwa akufuna aone chimene chichitike. Asiyeni aone. Kamodzi pa temu ndimatulutsa dala mitundu yonse itatu n'kunena kuti lero tipanga matope, ndipo timapikisana kupeza mitundu yambiri ya khofi: wa katondo, wa makande, wa bwato lakale, wa usipa wouma. Wofiira akachuluka pamabwera wa njerwa, buluu akachuluka wa mitambo ya mvula. Mapepala amenewo sititaya. Akauma timawang'amba tizidutswa n'kusunga m'katoni, ndipo sabata ya chikasu ndi olenji ikafika timawatulutsa kuti ana amate pambali pa mitundu yowalayo, chifukwa chikasu chimawala kwambiri chikagundana ndi khofi woderayo kuposa chikakhala pa pepala loyera.